Formula BMW

Formula BMW inali ligi ya mipikisano ya liwiro la magalimoto ya achinyamata, imene kampani ya BMW ya ku Germany inkayendetsa ndi kuthandiza ndi ndalama kuyambira mu 2002 mpaka mu 2013. Inali ya anyamata ndi atsikana a zaka zoyambira 15 amene angosiya kumene timagalimoto ta kart, ndipo akufuna kuphunzira galimoto ya mpando umodzi, ya matayala apoyera ndi mapiko, yooneka ngati ya Formula One koma yaing'ono ndi yochepa mphamvu. Opikisana onse ankayendetsa galimoto ya mtundu umodzi, yotchedwa FB02, n'cholinga choti wopambana azidziwika ndi luso lake pa chiwongolero, osati ndi kuchuluka kwa ndalama zimene timu yake yathira mu injini.

Pakati pa 2004 ndi 2007, pamene inafika pachimake, Formula BMW inali ndi maligi anayi: la ku Germany, la ku Britain, la ku Asia ndi la ku North America. Akatswiri awiri a dziko lonse a Formula One, Nico Rosberg ndi Sebastian Vettel, anadzera mmenemu, pamodzi ndi Nico Hülkenberg, Daniel Ricciardo, Sergio Pérez, Carlos Sainz Jr. ndi ena ambiri. Koma moyo wa ligiyi unkadalira zofuna za kampani imodzi. BMW itatuluka mu Formula One kumapeto kwa 2009, maligiwa anatsekedwa limodzi ndi limodzi, ndipo achinyamata otchuka kwambiri amene anaphunzirira pa injini za BMW anakatengera zikho zawo zazikulu kumakampani ena.

Chiyambi chake

Dzina loti BMW ndi chidule cha Bayerische Motoren Werke. Kampaniyi ili mumzinda wa Munich, ndipo inayamba ndi kupanga mainjini a ndege, kenako njinga zamoto mu 1923, magalimoto n'kudzabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1920.

Maganizo oti kampani yopanga magalimoto ikhale ndi ligi yakeyake ya ongoyamba kumene sanayambire ku BMW. Formula Ford inayamba mu 1967 pa bwalo la Brands Hatch ku England, Renault inali ndi yake ku France, ndipo Formula Vee inkagwiritsa ntchito injini ndi zitsulo za Volkswagen Beetle. Kampani imapindula pawiri: dzina lake limamveka pamabwalo a mipikisano sabata ndi sabata, komanso imaona msanga achinyamata aluso makampani ena asanawatole.

BMW inayesa njira yosula achinyamata mu 1977, pamene mkulu wa nthambi yake ya mipikisano, a Jochen Neerpasch, anakhazikitsa BMW Junior Team. Anasankha Eddie Cheever wa ku America, Marc Surer wa ku Switzerland ndi Manfred Winkelhock wa ku Germany, nawapatsa magalimoto a BMW 320 oti apikisane nawo ku Germany. Atatuwa anatchuka ndi kuyendetsa mwaukali, ngakhale kugundana okhaokha, koma onse anadzafika mu Formula One. Mu 1983 Nelson Piquet wa ku Brazil anatenga chikho cha dziko lonse cha Formula One pa galimoto ya Brabham ya injini ya BMW.

Kholo lenileni la Formula BMW ndi ligi ya achinyamata imene bungwe la eni magalimoto ku Germany, la ADAC, linayambitsa mu 1991, BMW ikupereka mainjini a njinga zamoto. Katswiri woyamba anali Christian Abt. Ralf Schumacher, mng'ono wake wa Michael Schumacher, anadzera mmenemu, ndipo André Lotterer anatenga chikho mu 1999, Timo Glock mu 2001. Kwa zaka zonsezi ligiyi inali ya ADAC, ndipo BMW inali mnzake wopereka injini.

Zinthu zinasintha BMW itabwerera mu Formula One mu 2000 monga yopereka mainjini ku timu ya Williams. Kampani imene ikuwononga ndalama zochuluka pamwamba imafunanso makwerero akeake ofikira pamwambapo. Nthambi ya BMW Motorsport, imene nthawi imeneyo inkatsogoleredwa ndi a Mario Theissen ndi a Gerhard Berger, inakonza galimoto yatsopano, malamulo atsopano ndi ndondomeko ya maphunziro, ndipo zonsezi zinayamba kugwira ntchito mu 2002.

Galimoto ya FB02

Maonekedwe a FB02 anajambulidwa ndi nthambi ya BMW yotchedwa DesignworksUSA, koma thupi lake linkapangidwa ndi kampani ya Mygale ya ku France. Chipinda chokhala dalaivala chinali cha carbon fibre, chipangizo chopepuka koma cholimba kwambiri chimene amapangira magalimoto a Formula One. Ichi chinali chachilendo pa msinkhu umenewu, chifukwa magalimoto a Formula Ford ankapangidwabe ndi mapaipi achitsulo owotcherera.

Injini inali ya njinga yamoto ya BMW K1200RS, ya masilinda anayi ndi 1,171cc, yotulutsa mphamvu zokwana 140 hp. Poyerekeza, njinga zambiri za kabaza zimene zimanyamula anthu pakati pa Liwonde ndi Ntaja zili ndi injini ya silinda imodzi yosapitirira 150cc. Mphamvu za 140 hp si zodabwitsa pa galimoto wamba yapamsewu, koma FB02 yopanda dalaivala sinkafika theka la tani, kutanthauza kuti inali yopepuka kuposa matumba 10 a chimanga a makilogalamu 50. Chifukwa cha kupepukaku inkatha kufika liwiro la makilomita pafupifupi 230 pa ola. Giyabokosi inali ya kampani ya Hewland ya ku England, ya magiya 6 osinthidwa motsatana pokoka kapena kukankha ndodo, monga mmene magiya a njinga yamoto amalowera limodzi pambuyo pa linzake. Matayala anali a Michelin, osalala kukakhala kouma ndi a mizere kukagwa mvula.

Kutsogolo ndi kumbuyo kunali mapiko. Mapiko a galimoto yampikisano amagwira ntchito mosemphana ndi a ndege: mphepo ikamawawomba amakanikizira galimoto pansi, matayala n'kugwira msewu zolimba pokhota. Mwana wochokera pa kart, yomwe ilibe mapiko kapena masipuling'i, amayenera kuphunzira chinthu chovuta kuchikhulupirira poyamba, chakuti pamakona ena galimoto imagwira bwino msewu ikamathamanga kwambiri. Apa ndi pamene panali phindu lalikulu la FB02. Mphamvu zake zinali zochepa, choncho dalaivala amene wataya liwiro pa kona sankatha kubweza nthawiyo pongoponda mafuta, ndipo kulakwitsa kulikonse kunkaonekera pa wotchi.

BMW inaikirapo mtima pa chitetezo, popeza inkapempha makolo kuti apereke ana a zaka 15 ku masewera a ngozi. Inakonza mpando wotchedwa FORS, umene opulumutsa ankatha kuuzula m'galimoto dalaivala ali momwemo, kuti msana usapindike ngati wavulala. Madalaivala ankavalanso HANS, chipangizo chokhala pamapewa chomangiriridwa ku chisoti, chimene chimaletsa mutu kuponyedwa kutsogolo galimoto ikagunda khoma.

Malamulo ndi maphunziro

Matimu anali a anthu wamba, ndipo ankagula magalimoto n'kumawasamalira okha, koma zimene ankaloledwa kusintha zinali zowerengeka: kapendekedwe ka mapiko, kulimba kwa masipuling'i, kutalika kwa magiya ndi kagawidwe ka mphamvu ya mabuleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Injini inkatsekedwa ndi chidindo, ndipo makaniko wa timu sankaloledwa kuimasula. Ikafuna kukonzedwa kwakukulu inkapita ku kampani ya Schnitzer Motorsport, bwenzi lakale la BMW. Masiku oyeserera anali ndi malire kuti timu yolemera isamakhalire pa bwalo pamene yosauka ili pakhomo. Wolowa ligiyi sankayenera kukhala woti anapikisanapo kale m'maligi akuluakulu a mayiko, kupatula a kart, ndipo a chaka choyamba anali ndi chikho chawochawo cha Rookie Cup pambali pa chikho chachikulu.

Kumapeto kwa sabata ya mpikisano kunkakhala kuyeserera, kenako kuthamanga kolimbana ndi wotchi kofuna kupeza malo oyambira, ndipo pambuyo pake mipikisano, kawirikawiri iwiri, uliwonse wa pafupifupi theka la ola. Mipikisanoyi sinkachitika payokha. Inkakhala yotsegulira masewera akuluakulu, monga DTM ku Germany, British Touring Car Championship ku Britain, ndipo nthawi zina Formula One yeniyeniyo, moti mwana wa zaka 16 ankathamanga pamaso pa khamu la anthu ndi mabwana a matimu akuluakulu.

Chimene chinasiyanitsa kwambiri Formula BMW ndi maligi ena a msinkhu wake chinali sukulu yake. Potsata nzeru yoti m'mera mpoyamba, BMW inkaphunzitsa achinyamatawa zinthu zimene madalaivala akale ankazitola okha mwangozi: masewera olimbitsa thupi, makamaka khosi, kadyedwe, kawerengedwe ka zimene kompyuta ya m'galimoto yajambula, kafotokozedwe ka vuto la galimoto kwa injiniya, kayankhulidwe ndi atolankhani, ndiponso kafunidwe ka makampani othandiza ndi ndalama. Malo ophunzitsira anali pa bwalo la Valencia ku Spain ndi la Sakhir ku Bahrain. Ku Britain, katswiri wa dziko lonse wa 1992, Nigel Mansell, anali kazembe wa ligiyi, ndipo ana ake awiri, Leo ndi Greg, anapikisana nawo mu 2006.

Chaka chilichonse BMW inkasankha achinyamata ochepa m'ligi lililonse n'kuwapatsa thandizo la ndalama: £35,000 ku Britain, $40,000 ku America ndi $50,000 ku Asia. Ndalamayi sinkakwanira sizoni yonse, ndipo yotsalayo inkachokera kwa makolo kapena kwa othandiza. Kufanana kwa magalimoto kunachepetsa mphamvu ya ndalama pa bwalo, koma sikunaichotse pakhomo lolowera. Matimu a makaniko ndi mainjiniya abwino, monga Josef Kaufmann Racing ndi Mücke Motorsport ku Germany kapena Meritus ya ku Malaysia, ankapambanabe kawirikawiri kuposa anzawo.

Ligi ya ku Germany

Formula BMW ADAC ndiyo inali mayi wa maligi onse, ndipo inatha zaka 6. Chaka choyamba, 2002, chikho chinapita kwa Nico Rosberg, mwana wa Keke Rosberg amene anali katswiri wa dziko lonse mu 1982. Nico anapambana mipikisano 9 mwa 20 ali ndi zaka 17, ndipo kumapeto kwa chakacho anapatsidwa mwayi woyesa galimoto ya Williams ya injini ya BMW. Mu 2003 katswiri anali Maximilian Götz, ndipo wachiwiri wake anali mnyamata wa chaka choyamba wa m'tauni ya Heppenheim, Sebastian Vettel.

Zimene Vettel anachita mu 2004 ndi zimene zinatchukitsa ligiyi. Pa mipikisano 20 anapambana 18, ndipo pa iwiri yotsalayo anamalizabe m'gulu la atatu oyamba, n'kupeza mapointi 387 mwa 400 amene munthu akanatha kupeza. M'ligi imene aliyense ali ndi galimoto yofanana, zotsatira zotere sizifuna kutanthauzira. BMW inamuyesa pa galimoto ya Williams ku Jerez mu 2005, ndipo mu 2006 inamutenga kukhala dalaivala woyeserera wa timu yake yatsopano ya BMW Sauber, imene inapangidwa kampaniyi itagula timu ya a Peter Sauber ya ku Switzerland. Mu Juni 2007 Robert Kubica atachita ngozi yoopsa ku Canada, Vettel analowa m'malo mwake pa mpikisano wa ku Indianapolis, n'kumaliza pa nambala 8. Pa zaka 19 anakhala munthu wamng'ono kwambiri kupeza pointi mu Formula One kufikira nthawi imeneyo. Umenewu ndi mpikisano umodzi wokha umene anathamangira BMW, chifukwa kampani ya Red Bull inali ikumuthandiza kuyambira ali pa kart, ndipo patangopita masabata ochepa anasamukira ku timu yake ya Toro Rosso.

Chikho cha 2005 sichinathere pa bwalo. Nico Hülkenberg ndi Sébastien Buemi wa ku Switzerland anapikisana mpaka kumapeto, ndipo pa mpikisano wotsiriza onse awiri anapatsidwa chilango cha masekondi 30 chifukwa cha kayendetsedwe kawo. Nkhaniyi itapita ku khoti la apilo la masewerawa, chilango cha Buemi chinakwezedwa kufika masekondi 60, ndipo chikho chinagwera Hülkenberg. Christian Vietoris anapambana mu 2006 ndipo Jens Klingmann mu 2007.

Si onse odzatchuka amene anawala m'ligiyi. Sergio Pérez anachoka ku Mexico ali ndi zaka 15 mu 2005, osadziwa chiyankhulo cha ku Germany, ndipo kwa miyezi ingapo ankagona pa lesitilanti ya bwana wa timu yake. Chaka chimenecho anamaliza pa nambala 14, chotsatira pa nambala 6. Wowerenga zotsatira zokhazo sakanaganiza kuti adzapambana mipikisano ya Formula One, pamene akatswiri ena a ligiyi sanafikeko n'komwe.

Asia, Britain ndi America

Formula BMW Asia inayamba mu 2003, ndipo katswiri woyamba anali Ho-Pin Tung, wobadwira ku Netherlands kwa makolo ochokera ku China. Anatsatira ndi Marchy Lee wa ku Hong Kong mu 2004, Salman Al Khalifa wa ku Bahrain mu 2005, Earl Bamber wa ku New Zealand mu 2006 ndi Jazeman Jaafar wa ku Malaysia mu 2007. Inali nthawi imene Formula One inkafutukukira kummawa, ku Malaysia mu 1999 ndi ku Bahrain ndi China mu 2004, ndipo BMW inkafunanso misika ya magalimoto ake kumeneko. Daniel Ricciardo wa ku Australia anamaliza pa nambala 3 mu 2006 ndi timu ya Eurasia Motorsport. Kuyambira mu 2008 ligiyi inatchedwa Formula BMW Pacific, ndipo akatswiri ake anali Ross Jamison, Rio Haryanto wa ku Indonesia ndi Richard Bradley.

Ligi ya ku Britain inayamba mu 2004 n'kutha mu 2007. Tim Bridgman, Dean Smith ndi Niall Breen anatenga zikho zitatu zoyamba, ndipo chomaliza chinapita kwa Marcus Ericsson wa ku Sweden, amene anadzathamanga mu Formula One n'kupambana Indianapolis 500 mu 2022.

Formula BMW USA inayambanso mu 2004, ndipo inkafika ku Canada. Akatswiri ake anali Andreas Wirth, Richard Philippe, Robert Wickens ndi Daniel Morad, ndipo itasintha dzina kukhala Formula BMW Americas mu 2008 anapambana ndi Alexander Rossi, kenako Gabby Chaves mu 2009. Ambiri a m'ligiyi anapita ku IndyCar osati ku Ulaya, monga James Hinchcliffe, Graham Rahal ndi Simona de Silvestro, mtsikana wa ku Switzerland amene anamaliza pa nambala 4 mu 2006. Rossi anapambana Indianapolis 500 mu 2016 pa ulendo wake woyamba.

World Final

Kuyambira mu 2005, ochita bwino m'maligi onse ankakumana kumapeto kwa chaka pa mpikisano umodzi wotchedwa World Final, ndipo mphotho yake inali kuyesa galimoto ya Formula One ya BMW Sauber. Woyamba unachitikira ku Bahrain. Hülkenberg ndiye anafika poyamba pa mzere womalizira, koma anapatsidwa chilango pomuganizira kuti anaponda mabuleki mwadala kuti asokoneze omutsatira pa nthawi imene galimoto yachitetezo inkatsogolera opikisana, ndipo chipambano chinapita kwa Marco Holzer. Mu 2006 ndi 2007 mpikisanowu unachitikira ku Valencia, kumene anapambana ndi Christian Vietoris ndi Philipp Eng wa ku Austria. Wotsiriza unali ku Mexico City mu 2008, ndipo anapambana ndi Alexander Rossi. Mphotho yake anailandira ku Jerez mu Disembala 2009, BMW italengeza kale kuti ikuchoka, moti galimoto imene anayesa inali ya timu imene kampaniyi inali ikusiya.

Achinyamata a kummwera kwa Africa

Formula BMW sinakhalepo ndi ligi mu Africa, ngakhale BMW ili ndi fakitale ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Formula One inafika komaliza mu Africa mu 1993 pa bwalo la Kyalami, ndipo BMW inkaika maligi ake kumene kunali mipikisano ikuluikulu yoti aziitsegulira. Wachinyamata wa kuno wofuna kulowa ankayenera kuwoloka nyanja. Adrian Zaugg wa ku South Africa anathamanga m'ligi ya ku Germany mu 2004, ndipo pambuyo pake anaimira dziko lake mu A1 Grand Prix.

Chitsanzo chapafupi ndi Malawi ndi Axcil Jefferies wa ku Zimbabwe, wobadwa mu 1994, amene anayambira pa kart. Mu 2009, ali ndi zaka 15, analowa Formula BMW Pacific ndi Eurasia Motorsport, timu imene Ricciardo anathamangira zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo naye anamaliza pa nambala 3, chikho chitapita kwa Haryanto. Kuchokera apa njira za awiriwa zinasiyana. Ricciardo anatengedwa ndi Red Bull, imene inamulipirira makwerero onse otsala. Jefferies anasowa wothandiza wamkulu, ndipo ulendo wake unali wodukaduka: FIA Formula Two mu 2012, Indy Lights ku America mu 2013, ndi sabata imodzi ya GP2 ku Bahrain mu 2014 ndi timu ya Trident. Anadzakhazikika m'mipikisano ya magalimoto a GT, kumene anapambana Dubai 24 Hour mu 2022 pa galimoto ya Audi, ndipo mu 2024 anatenga chikho cha gulu la LMGT3 mu European Le Mans Series pa Lamborghini. Dziko lake linali litatulutsapo kale John Love, amene anamaliza pa nambala 2 pa South African Grand Prix ya 1967.

M'chigawo chino ntchito yofanana ndi ya Formula BMW yagwiridwa ndi Volkswagen kudzera mu Polo Cup ya ku South Africa, imene inayamba mu 1997 ndipo imagwiritsa ntchito magalimoto ofanana a denga, osati a mpando umodzi. Kelvin van der Linde anatenga chikho chake mu 2012, ndipo mng'ono wake Sheldon mu 2014. Sheldon, wosulidwa ndi Volkswagen, anadzakhala katswiri wa DTM mu 2022 akuyendetsa BMW.

Kutha kwake

Mu 2008 BMW inaphatikiza ligi ya ku Germany ndi ya ku Britain kukhala Formula BMW Europe, imene mipikisano yake yambiri inkatsegulira Formula One pamabwalo a ku Ulaya. Esteban Gutiérrez wa ku Mexico anapambana mu 2008, Felipe Nasr wa ku Brazil mu 2009 ndi Robin Frijns wa ku Netherlands mu 2010, chaka chimene Carlos Sainz Jr. anatenga Rookie Cup ndipo Daniil Kvyat anali mnzake wa timu imodzi. ADAC itatsala yokha inayambitsa ligi ina, ADAC Formel Masters, ya mainjini a Volkswagen.

Chaka cha 2008 chomwecho BMW Sauber inapambana mpikisano wake woyamba ndi wotsiriza wa Formula One, ku Canada, Kubica ali woyamba ndipo Nick Heidfeld wachiwiri. Onse awiri sanadzere mu Formula BMW. Kenako chuma cha dziko lonse chinagwa, malonda a magalimoto anatsika, ndipo Honda inachoka mu Formula One mu Disembala 2008. Galimoto ya BMW ya 2009 sinachite bwino, ndipo pa 29 Julayi 2009 kampaniyi inalengeza kuti ichoka kumapeto kwa sizoni. Toyota inatsatira mu Novembala. Timu inabwezedwa kwa a Peter Sauber.

Makwerero anatsala opanda denga lokwerapo. World Final sinachitikenso, ligi ya ku America inatha mu 2009, ndipo ya ku Ulaya ndi ya Pacific zinatha mu 2010. Ku Asia magalimoto a FB02 anapitiriza kuthamanga mu JK Racing Asia Series, pansi pa dzina la kampani ya matayala ya ku India. BMW inasunga kaligi kakang'ono, Formula BMW Talent Cup, kuyambira mu 2011 mpaka mu 2013. Mmenemu munalibe matimu a anthu wamba: kampani inkasamalira yokha magalimoto onse, ndipo wopambana ankalipiriridwa sizoni yotsatira m'ligi yapamwamba. Stefan Wackerbauer anapambana mu 2011 ndipo Marvin Dienst mu 2012.

Powerengera zokolola, mu Formula One BMW inalimira ena. Vettel anatenga zikho zinayi zotsatizana, kuyambira 2010 mpaka 2013, pa Red Bull ya injini ya Renault. Rosberg analowa Formula One mu 2006 ndi Williams, chaka chimene BMW inali itangosiyana ndi timuyo, ndipo chikho chake cha 2016 anatengera Mercedes, kampani imene imapikisana kwambiri ndi BMW pa msika. Mu 2015 akatswiri awiri a Formula BMW, Hülkenberg ndi Bamber, anapambana Le Mans 24 Hours ali m'galimoto imodzi ya Porsche pamodzi ndi Nick Tandy, ndipo Buemi anaipambana kanayi ndi Toyota. Amene anapindulitsa BMW mu Formula One anali wa ligi yakale ija ya ADAC, Ralf Schumacher, yemwe mipikisano 6 imene anapambana yonse inali pa Williams ya injini ya BMW.

M'mipikisano ya magalimoto a denga nkhani inali ina. BMW itabwerera ku DTM mu 2012, Marco Wittmann, amene anali wachiwiri mu Formula BMW Europe mu 2008, anaitengera zikho mu 2014 ndi 2016. Timo Glock, Jens Klingmann, Philipp Eng ndi Robin Frijns onse anadzakhala madalaivala olembedwa ntchito ndi kampaniyi. Mu 2020 BMW inadzutsanso Junior Team, a Neerpasch omwe aja akulangiza achinyamata atatu, Dan Harper, Max Hesse ndi Neil Verhagen, koma pa magalimoto a GT.

Malo amene Formula BMW inasiya anadzatengedwa ndi Formula 4, imene bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse, la FIA, linakhazikitsa pamene a Gerhard Berger ankatsogolera komiti yake ya magalimoto a mpando umodzi. Ligi yoyamba ya Formula 4 ya FIA inayamba ku Italy mu 2014, ndipo ya ADAC mu 2015. Mfundo zake ndi zomwe zija: zaka 15, chipinda cha carbon fibre, galimoto yofanana kwa onse ndi injini yotsekedwa ndi chidindo. Kusiyana kwake n'koti ligi ya dziko lililonse imasankha yokha wopanga thupi ndi wopereka injini. Mygale, imene inapanga FB02, ndiyo inapanganso magalimoto a Formula 4 a ku Britain mu 2015, a injini ya Ford.